Wodwala Mtima Pokonzekera Ulendo wa Kunja: Kalata, Mankhwala ndi Inshuwaransi

Anthu a boma la Mulanje ndi anthu oyenda. Ena amaoloka malire pa Muloza kukaona abale ku Milange m'dziko la Mozambique, ena amapita ku Blantyre kukachita malonda, ndipo ambiri ali ndi ana kapena amuna awo amene amagwira ntchito ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Pakati pa apaulendo amenewa pali odwala mtima, ndiponso ena amene anachitidwapo opaleshoni ya mtima. Phunziro la mwezi uno likulongosola zimene munthu wotere ayenera kuchita asananyamuke, makamaka pa nkhani ya inshuwaransi ya paulendo, imene yasokoneza mabanja ambiri.

Kale, pamene amuna ankapita ku migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, aliyense ankayamba wapimidwa ndi dokotala, ndipo wopezeka ndi vuto la pachifuwa ankabwezedwa kumudzi. Ulendo wa Wenela unaimitsidwa m'chaka cha 1974 ndege itagwa ku Francistown, nkuyambanso mu 1977, ndipo unatheratu mu 1988. Dzina la Wenela lidakalipo pa malo okwerera mabasi mu mzinda wa Blantyre, koma lero palibe amene amapima munthu asanakwere basi. Udindo wonse wodzisamala watsala m'manja mwa mwini ulendo ndi banja lake.

Matenda a mtima amene amapezeka kuno

Vuto loyamba ndi kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri amakutchula kuti BP. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi bungwe la World Health Organization m'chaka cha 2009 anapeza kuti pa akulu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi, mmodzi anali ndi vutoli, ndipo ochuluka sankadziwa. Magazi akathamanga kwa zaka zambiri popanda mankhwala, mtima umakula nkufooka, ndipo munthu angathe kufa ziwalo.

Vuto lachiwiri limayamba paubwana. Zilonda zapakhosi zoyambitsidwa ndi tizilombo tina, zikapanda kuchizidwa ndi penisilini, zingadzetse malungo a nyamakazi amene amawononga mavavu a mtima. Mavavu ndi tizitseko tinayi timene timatseguka ndi kutsekeka kuti magazi aziyenda njira imodzi osabwerera. Tizitseko timeneti tikawonongeka, munthu amapuma mobanika, amatopa msanga, ndipo miyendo imatupa. Odwala otere amabayidwa jakisoni ya penisilini milungu inayi iliyonse, kapena itatu ngati dokotala walamula tero, kwa zaka zambiri. Ena amafunika opaleshoni yokonza vavu kapena yoikamo ina yachitsulo. Kwa zaka zambiri Amalawi ofuna opaleshoni yotere akhala akutumizidwa kunja, makamaka ku India ndi ku South Africa, atayamba aonedwa ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe.

Munthu amene waikidwa vavu yachitsulo amamwa mankhwala otchedwa warfarin moyo wake wonse, kuti magazi asaundane pa vavuyo. Mankhwalawa akachepa m'thupi, magazi amaundana ndipo vavu ingatsekeke; akachuluka, munthu amataya magazi. Nchifukwa chake magazi ake amapimidwa kawirikawiri, ndipo muyeso umenewo madokotala amautcha INR.

Chifukwa chake ulendo umalemetsa mtima

Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Johannesburg pa basi ndi mtunda woposa makilomita 1,500. Basi imadutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, ndipo munthu amagona panjira, nthawi zina masiku awiri kapena kuposerapo ngati pa malire pali mzere wautali. Kukhala pampando maola ambiri miyendo itapindika kumachedwetsa magazi a m'miyendo, kotero kuti angathe kuundana. Chibuluma cha magazi oundanawo chikasuntha nkukafika m'mapapo, munthu angafe mwadzidzidzi. Kutentha kwa ku Tete kumaumitsa thupi, ndipo zakudya zogula panjira, monga tchipisi ndi nyama yootcha, zimakhala ndi mchere wambiri umene umasunga madzi m'thupi.

Ndege imafupikitsa ulendo, koma nayonso ili ndi zake. Mpweya wa m'kati mwa ndege umafanana ndi wa pamalo okwera mamita 1,800 mpaka 2,400. Anthu a ku Mulanje angamvetse bwino zimenezi, pakuti nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo zidikha za pamwamba pa phiri, monga Lichenya ndi Chambe, zili pa msinkhu wofanana ndi umenewo wa m'ndege. Munthu wa mtima wabwino samva kanthu, koma amene amabanika ngakhale atangokhala pansi sayenera kukwera ndege kufikira atathandizidwa. Wochitidwa opaleshoni yotsegula chifuwa kawirikawiri amauzidwa kudikira masiku osachepera 10 asanakwere ndege, ndipo fupa la pachifuwa limatenga milungu 6 mpaka 12 kuti lilumikizane. M'nyengo imeneyo sayenera kunyamula chikwama cholemera kapena kusenza thumba la ufa. Tsiku lenileni lonyamuka ayenera kulitchula ndi dokotala amene anamuona.

Kodi inshuwaransi ya paulendo nchiyani?

M'zipatala za boma za m'Malawi odwala salipira, ndipo chifukwa cha chimenechi ambiri amaganiza kuti kulikonse nchimodzimodzi. Kunja kwa dziko mlendo amalipitsidwa, ndipo kugona masiku ochepa m'chipinda cha odwala kwambiri kungadye ndalama zoposa zimene banja limapeza pa zaka zingapo. Malamulo aakulu a dziko la South Africa, a m'chaka cha 1996, amanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi, koma zimenezi sizitanthauza kuti ngongole siidzabwera pambuyo pake.

Inshuwaransi ya paulendo ndi pangano la pakati pa wapaulendo ndi kampani. Wapaulendo amalipira ndalama yochepa asananyamuke, ndipo kampani imalonjeza kuti akadwala mwadzidzidzi kapena kuvulala ali kunja, m'masiku olembedwa pa pangano, idzalipira chipatala mpaka pa ndalama yakutiyakuti. Mapangano ambiri amalipiranso ulendo wobwezera wodwala kwawo, kapena wonyamula maliro ngati imfa yachitika. Maiko ena salola mlendo kulowa popanda pepala limeneli. Wopempha chitupa cholowera maiko a ku Ulaya a m'gulu la Schengen, monga Germany, France ndi Italy, ayenera kuonetsa inshuwaransi yokwana mayuro 30,000 kapena kuposa.

Pali zinthu zitatu zimene anthu amazisokoneza ndi inshuwaransi imeneyi. Choyamba ndi inshuwaransi ya basi, imene imakhudza ovulala pa ngozi ya pamsewu, osati munthu amene mtima wamuvuta ali pampando. Chachiwiri ndi mabungwe osonkha ndalama za maliro, amene Amalawi ambiri ku South Africa amalowa. Amenewa amathandiza kubweretsa thupi kumudzi, koma salipira chipatala. Chachitatu ndi mabungwe olipirira odwala m'dziko muno, monga Medical Aid Society of Malawi. Membala wa bungwe lotere ayenera kufunsa ngati gawo limene amalipira limagwira ntchito kunja kwa malire, pakuti magawo amasiyana.

Matenda amene munthu anali nawo kale

Apa ndiye pagona nkhani. Kampani ya inshuwaransi imalonjeza kulipira zinthu zogwa mwadzidzidzi. Matenda amene munthu ankawadziwa asanagule pangano, kapena amene ankamwera mankhwala, kawirikawiri amaikidwa m'gulu la zinthu zimene kampani siidzalipira. Mawu amenewa amalembedwa m'Chingerezi, m'zilembo zazing'ono, ndipo ambiri amasaina osawerenga. Chotero wodwala mtima angathe kugula pepala, kuliika m'chikwama, nkumayenda mtima uli m'malo, pamene pepalalo lidzamuthandiza akathyoka mwendo koma osati akabanika ndi mtima.

Wodwala akanena zoona za matenda ake, kampani ingayankhe mwa njira zinayi. Ingamulandire pa mtengo wa masiku onse ngati matenda ndi ochepa ndipo akusamalidwa bwino. Ingamulandire koma pa mtengo wokwera. Ingamulandire pa zina zonse nkuchotsapo mtima wokha. Ingathenso kumukana. Makampani amayang'ana msinkhu wa munthu, nthawi imene yapita chichitidwire opaleshoni, ngati wagonekedwa m'chipatala posachedwa, ngati mankhwala asinthidwa m'miyezi yapafupi, ndiponso ngati akudikira kupimidwa kwina. Munthu amene wakhala nthawi yaitali osagonekedwa, namwa mankhwala ake mosadumphitsa, ali ndi mwayi woposa amene wangotuluka kumene m'chipatala.

Poopa kukanidwa kapena kulipira zambiri, ena amabisa matenda awo. Kuteroko ndi kutaya ndalama pachabe. Wodwala akagonekedwa kunja, kampani imaitanitsa malipoti a chipatala isanalipire. Chipsera cha pachifuwa sichibisika, vavu yachitsulo imaoneka pa chithunzi cha ekiselo ndipo imamveka kulira kwake dokotala akamvetsera, ndiponso warfarin amadziwika popima magazi. Kampani ikaona kuti munthu sananene zoona, ili ndi mphamvu yokana kulipira ndi kuthetsa pangano lonse. Pamenepo banja limatsala ndi ngongole ya chipatala, ndalama yogulira pepala itapita kale.

Mapangano ambiri salipiranso munthu amene wayenda dokotala atamuletsa, kapena amene cholinga cha ulendo wake ndi kukalandira chithandizo. Wopita ku India kukachitidwa opaleshoni asaganize kuti inshuwaransi wamba ya paulendo idzalipira opaleshoniyo. Ndalama za ulendo wotere zimakonzedwa mwa njira ina asananyamuke.

Chitsanzo

Nachi chitsanzo chosonyeza mmene zinthu ziyenera kuyendera. Mayi wa zaka 45 wa kufupi ndi Muloza anaikidwa vavu yachitsulo zaka zitatu zapitazo. Mwana wake wamkazi wa ku Johannesburg wachira, ndipo akufuna kuti amayi ake akaone mdzukulu. Poimba lamya mwanayo akuti, "Amayi, polemba mapepala aja musatchule za mtima, angatidulitse mtengo." Mayiyo, m'malo movomera, akupita kuchipatala ndi buku lake nkufotokoza zonse.

Wothandiza dokotala akumupima, nkunena kuti, "Mayi, mtima wanu ukugunda bwino ndipo mungathe kuyenda. Koma za mtimazi muzilembe zonse. Mukabisa, pepalalo lidzakhala lachabechabe pa tsiku limene mudzalifune." Akumulembera kalata, akumupima INR, nkumupatsa mankhwala okwanira. Kampani yoyamba ikumukana. Yachiwiri ikumulandira pa mtengo wokwererapo ndipo ikulemba dzina la matenda ake pa pangano. Ana ake akusonkherana kulipira. Mwana amene anafuna kubisa uja analibe mtima woipa, koma sankadziwa kuti akanagula chinthu chosagwira ntchito.

Mafunso oyenera kufunsa munthu asanalipire

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Wodwala, kapena mbale wake wodziwa kuwerenga Chingerezi, afunse mafunso awa, ndipo mayankho ake akhale olembedwa, chifukwa lonjezo la pakamwa silidzamuthandiza pa tsiku la mlandu:

1. Kodi pangano limeneli lidzalipira ndikadwala mtima umene ndautchulawu? Palembedwa pati?
2. Kodi lidzalipira mpaka ndalama zingati, ndipo ine ndidzayamba ndapereka zingati?
3. Kodi limagwira ntchito m'maiko onse odutsamo, monga Mozambique ndi Zimbabwe, kapena kumene ndikupita kokha?
4. Kodi likuyamba tsiku liti ndi kutha tsiku liti? Nanga ndikachedwa kubwerera?
5. Kodi kampani imalipira yokha ku chipatala, kapena ndiyambe ndalipira ine nkudzabwezeredwa?
6. Kodi ndi nambala iti yoimbira usiku kapena masana ndikagonekedwa?
7. Kodi limalipira kundibweza kumudzi ndili wodwala, kapena kubweza thupi?

Makampani a inshuwaransi m'Malawi amapatsidwa chilolezo ndi kuyang'aniridwa ndi mkulu wolembetsa mabungwe a zachuma, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Munthu agule kwa kampani kapena nthumwi yokhala ndi chilolezo, alandire lisiti, ndipo asapereke ndalama kwa munthu wongokumana naye pa depoti. Amene wachitiridwa zosalungama ayambe wadandaula ku kampaniyo mwa kalata, ndipo akapanda kuthandizidwa akadandaule ku Reserve Bank.

Ngati inshuwaransi yalephereka

Nzoona kuti mabanja ambiri a kumudzi sangathe kugula pangano lokhudza mtima, ndipo ena adzakanidwa kulikonse. Banja lotere likhale pansi nkukambirana moona mtima. Mwina nkwabwino kuti ana abwere kumudzi m'malo moti kholo lodwala lipite. Mwina ulendo udikire kufikira dokotala ataona kuti mtima wakhazikika. Ngati ulendo sungalephereke, abale a kumene wodwala akupita adziwiretu chipatala cha boma chapafupi ndi malipiro ake, agwirizane amene adzalipire, ndipo masiku okhala kunja achepe. Pangano lochotsapo mtima likhozabe kuthandiza pa ngozi ndi matenda ena, malinga ngati banja likudziwa bwino chimene lagula.

Zoyenera kunyamula

Kaya inshuwaransi ilipo kaya palibe, wodwala apite kuchipatala milungu ingapo ulendo usanafike, kaya ku chipatala cha boma cha Mulanje, ku Mulanje Mission, kapena kumene amalandirira mankhwala. Apemphe kalata ya m'Chingerezi yotchula matenda ake, tsiku ndi mtundu wa opaleshoni, maina a mankhwala ndi muyeso wake. Maina akhale enieni a mankhwalawo, pakuti kunena kuti "timapiritsi toyera" sikuthandiza dokotala wachilendo. Ku Mozambique maina amalembedwa m'Chipwitikizi koma amafanana: warfarin ndi varfarina, furosemide ndi furosemida.

Anyamule buku lake la kuchipatala, ndi mankhwala okwanira masiku onse a ulendo kuonjezerapo a milungu iwiri. Anthu a ku Mulanje ndi Phalombe akukumbukira mmene namondwe Freddy anadulira misewu ndi milatho mu March 2023, kotero kuti ambiri anakhala masiku osafika kuchipatala. Ulendo wa mlungu umodzi ungathe kutalika mosayembekezeka. Mankhwala akhale m'kachikwama ka m'manja, m'mapaketi ake olembedwa, osati m'katundu wa pansi pa basi amene angasochere.

Wobayidwa penisilini abayitse asananyamuke ndipo alembe tsiku la jakisoni yotsatira. Womwa warfarin apimitse INR masiku ochepa asanapite, ndipo ngati akakhalitsa afunefune kokapimitsa. Asamwe asipirini, brufen, Bactrim, Flagyl kapena mankhwala azitsamba popanda kuuza dokotala kuti ali pa warfarin, chifukwa mankhwala amenewa angachititse kuti ataye magazi. Ndiwo zamasamba monga nkhwani, bonongwe ndi mpiru zimachepetsa mphamvu ya warfarin. Sayenera kuzisiya, koma azidya muyeso wofanana ndi wa kumudzi. Womwa mapiritsi okodzetsa asawasiye poopa kuvutitsa dalaivala, koma afunse kuchipatala nthawi yabwino yowamwera pa tsiku la ulendo. Amene anaikidwa kabatire kothandiza mtima kugunda aonetse khadi lake kwa alonda a pa bwalo la ndege.

Ali m'basi, wodwala azitsika ndi kuyendayenda paliponse pamene basi yaima, azigwedeza mapazi ali pampando, azimwa madzi monga mwa malangizo a dokotala, ndipo apewe mowa ndi fodya. Nkwabwino kuti akhale ndi womperekeza wodziwa za matenda ake.

Zizindikiro zoopsa

Ulendo uimitsidwe ndipo wodwala atengeredwe ku chipatala chapafupi msanga akamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa, akabanika kwambiri, akakomoka, mwendo umodzi ukatupa ndi kupweteka, pakamwa pakapotoka kapena dzanja likafooka, ndiponso akataya magazi osaleka m'mphuno, m'kamwa, mu mkodzo kapena m'chimbudzi. Womperekeza aonetse kalata ija, ndipo ngati pali inshuwaransi aimbire kampani tsiku lomwelo, pakuti mapangano ambiri amafuna kuti kampani idziwitsidwe msanga. Malisiti onse ndi malipoti a dokotala asungidwe bwino.

Mafunso okambirana pa sikelo ndi m'magulu

1. Kodi inshuwaransi ya basi ndi inshuwaransi ya paulendo zimasiyana bwanji?
2. Chimachitika nchiyani munthu akabisa matenda a mtima pogula inshuwaransi?
3. Ndi zinthu ziti zimene ziyenera kulembedwa m'kalata ya dokotala?
4. Chifukwa chiyani womwa warfarin sayenera kugula mankhwala pa golosale akamva mutu?
5. Kodi banja lingachite chiyani ngati kampani yakana wodwala wawo?

Alangizi a zaumoyo akupemphedwa kuwerengera phunziroli odwala amene sadziwa kuwerenga, ndi kukumbutsa aliyense amene akukonza ulendo kuti abwere kuchipatala ndi buku lake tikiti ya basi isanagulidwe.